Kosi ya uphunzitsi ya miyezi 6 ku Monkey Bay: ndilipire kapena ayi?

Funso: Ndine bambo wa zaka 32, ndimakhala ku Monkey Bay. Ndili ndi MSCE ndi dipuloma ya akawunti, ndipo ndinkagwira ntchito yowerengera ndalama pamalo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Ntchitoyo inatha. Panopa ndikuthandiza kuphunzitsa masamu mu Sitandade 6 pasukulu ya kwathu, akomiti amandipatsa ya sopo. Ntchitoyi ndaikonda. Tsopano kwabwera anthu ena akuti atsegula kosi ya uphunzitsi ya miyezi 6, yophunzira Loweruka lokhalokha, ndipo pomaliza apereka satifiketi ndi layisensi. Kodi ndilipire? Ngati ayi, munthu wochokera ku ntchito ina ngati ine amalowa bwanji uphunzitsi?

Yankho: Bambo, ndalamayo musatulutse kaye. M'Malawi muno palibe bungwe la m'dera, kaya ndi mpingo, mzikiti, komiti ya sukulu ngakhale khonsolo ya Mangochi imene, lomwe lili ndi mphamvu yopatsa munthu layisensi ya uphunzitsi. Amene akukulonjezani satifiketi ndi layisensi pamodzi, Loweruka lokhalokha kwa miyezi 6, akulonjeza chinthu chomwe sichili m'manja mwake.

Ganizo losula munthu wochokera ku ntchito ina m'dera lake momwemo si lachilendo. Ku America, boma la New Jersey linayamba chapakati pa zaka za m'ma 1980 kulola munthu wa digiri ya ntchito ina kuti ayambe kuphunzitsa kwinaku akusulidwa, ndipo lero madera ena kumeneko amayendetsa okha maphunziro otere. Ku England nako kuli magulu a masukulu omwe amasula okha aphunzitsi. Koma ngakhale kumeneko chilolezo chimachokera ku boma, ndipo osulawo amayamba avomerezedwa kaye asanalembe wophunzira ndi mmodzi yemwe.

Kwathu kuno anthu amasakaniza zinthu zinayi zosiyana, ndipo a makosi achidulewa amadyera pomwepo. Kusula mphunzitsi ndi ntchito ya koleji yovomerezeka. Satifiketi ya mphunzitsi wa pulayimale imachokera ku MANEB, munthu akakhoza mayeso otchedwa PTCE, pomwe wa sekondale amalandira dipuloma kapena digiri kuchokera ku koleji kapena yunivesite. Kulembetsa m'kaundula wa aphunzitsi ndi kupereka layisensi ndi udindo wa Teachers Council of Malawi, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la maphunziro la 2013, ndipo limayang'ana pepala la uphunzitsi lomwe muli nalo. Ntchito ya m'boma ndi nkhani inanso: aphunzitsi a pulayimale ali pansi pa makhonsolo, a sekondale amadzera ku Teaching Service Commission. Koleji yabwino kwambiri imangokupatsani choyambacho ndi kukufikitsani pa chachiwiri. Zinazo mumakazifuna nokha, pepala lili m'manja.

Anthuwo akabweranso Loweruka, afunseni mafunso atatu, ndipo muwafunse pagulu. Mayeso omaliza akonza ndi kuchonga ndani? Lachiwiri, anawavomereza ndani? Ngati akuti akusula aphunzitsi a pulayimale, atchule nambala ya senta yawo ku MANEB. Ngati akuti ndi dipuloma, dzina la koleji yawo ndi la kosiyo lipezeke pamndandanda wa NCHE, bungwe lovomereza maphunziro a ukachenjede. Apa samalani, chifukwa koleji itha kukhala yolembetsedwa koma kosi inayake ya pakolejipo isanavomerezedwe. Funso lachitatu ndi loti TP, nthawi ija wophunzira amakaphunzitsa m'kalasi yeniyeni akuwunikidwa, mukachitira kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo wodzakuonani ndi kukupatsani malikisi ndani. Akayamba kuzungulira kuti "mapepala ali m'njira" kapena "tikugwira ntchito ndi Unduna", pitani kwa PEA, mlangizi wa masukulu a pulayimale wa zoni yanu, kapena ku ofesi ya maphunziro pa boma mukafunse ngati akuwadziwa. Kufunsa n'kwaulere.

Dziko lathu linayesapo kusulira aphunzitsi pasukulu pomwe akugwira ntchito, ndipo ndi bwino mudziwe momwe zinayendera, chifukwa a makosi achidule amakonda kunena kuti "akale aja anaphunziranso chomwechi". Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo boma linalemba anthu masauzande ambiri osasulidwa kuti akaime kutsogolo kwa makalasi. Mu 1997 linayambitsa MIITEP kuti liwasule: miyezi itatu ku koleji, kenako nthawi yaitali pasukulu akuwerenga mabuku odziphunzitsa okha, moyang'aniridwa ndi ahedi ndi ma PEA, n'kudzabwereranso ku koleji kukakonzekera mayeso. Mu 2010 kunabweranso ODL, ndondomeko ya maphunziro apatali, yomwe inkatenga anthu a m'madera akumidzi kuti azikaphunzitsa kwawo kwinaku akuphunzira. Zonsezi zinali za Unduna, mayeso ake anali a MANEB, ndipo zinkatenga zaka, osati miyezi. Komabe mbali yomwe inkapunduka inali yomweyo ya pasukulu. Alangizi a ku koleji sankafika pafupipafupi, ahedi anali ndi makalasi awoawo, misonkhano ya pazoni inkadumphadumpha, ndipo wophunzira ankangotengera zomwe wapeza kwa mnzake wa kalasi yoyandikana, zabwino ndi zoipa zomwe. Ngati boma, lokhala ndi makoleji ndi ma PEA dziko lonse, linavutika kuti munthu aziwonedwa akuphunzitsa, anthu a Loweruka lokhalokhawo adzakuonani liti muli pabolodi, poti Lowerukalo ana kulibe?

Tsono njira zenizeni zilipo ziwiri, ndipo choyamba kusankha ndi chakuti mukufuna pulayimale kapena sekondale.

Ya pulayimale ndi IPTE, maphunziro a zaka ziwiri. M'ndondomeko yomwe inakonzedwanso mu 2017, wophunzira amakhala matemu awiri ku koleji, matemu awiri pasukulu ya TP, n'kubwerera ku koleji matemu awiri omaliza. Koleji ya boma yoyandikira kwanu ndi ya Machinga. Ena ali ku Blantyre, Chiradzulu, Phalombe, Lilongwe, Kasungu, Karonga ndi kwina, ndipo Unduna ukhoza kukutumizani kulikonse. Palinso makoleji omwe si aboma, monga a bungwe la DAPP ku Chilangoma ndi ku Amalika. Konkuno ku Mangochi kuli Maryam Girls, koma monga dzinalo likunenera ndi ya atsikana, ndiye imeneyo muwauze achemwali anu.

Chomwe chimapweteka anthu ochokera ku ntchito zina n'chakuti polowa IPTE dipuloma yanu ya akawunti sikuthandizani kwenikweni. Amayang'ana MSCE, makamaka Chingerezi, masamu ndi phunziro la sayansi, komanso zaka zakubadwa. Zilengezo zambiri zakhala zikuika malire pa zaka 35. Inu muli ndi 32, ndiye nthawi yoganizaganiza ndi yochepa. Tulutsani satifiketi yanu ya MSCE lero muone magiredi a maphunziro atatuwo. Ngati pena pali pasi wamba, lembetsani kulembanso phunzirolo kudzera ku open school, chifukwa opikisana nanu ndi achinyamata ongotuluka kumene Fomu 4 ndi mapointi abwino, ndipo Unduna wakhala ukunena zokweza maphunziro a aphunzitsi a pulayimale kuti afike pa dipuloma. Zofunika polowa zikunka zikwera, sizikutsika. Chilengezo cha chaka chimenecho ndicho chimalamula, choncho chiwerengeni chonse, mpaka timalemba ta m'munsi.

Onaninso chinthu chaching'ono chomwe chagwetsa ambiri: dzina ndi tsiku lobadwa pa MSCE zifanane ndi za pachiphaso cha unzika. Kuno kwathu si zachilendo munthu kulemba mayeso ndi dzina la agogo aamuna, chiphaso n'kutenga ndi la bambo ake, kapena Yusufu pena n'kukhala Yusuf. Kalaliki wosefa makalata ofunsira malo sadziwa mbiri ya banja lanu. Konzani zimenezi tsopano, ndi kalata yolumbirira ngati pangafunike, musadikire chilengezo chituluke.

Njira ya sekondale ndiyo ndingakulimbikitseni kuiganizira mofatsa, chifukwa kumeneko zomwe munaphunzira kale zikhoza kuwerengedwa. Aphunzitsi a sekondale amasulidwa ku Domasi College of Education ku Zomba, ku Nalikule College of Education ku Lilongwe, ku University of Malawi, ku Mzuzu University ndi m'mayunivesite ena ovomerezeka. MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, imasula aphunzitsi a maphunziro a luso ndi a Business Studies, ndipo munthu wa akawunti apa ndiye pake. Mzuzu University ili ndi maphunziro apatali okhala ndi senta ku Balaka, zomwe zimathandiza munthu wa banja yemwe sangasiye pakhomo zaka zinayi. Mayunivesite ambiri ali ndi khomo la akuluakulu, lotchedwa mature entry, lomwe limaona dipuloma ndi zaka zomwe munthu wagwira ntchito, ndipo nthawi zina amakuyambitsani chaka chachiwiri. Musangoganiza kuti zitero. Tengani transcript ya dipuloma yanu, osati satifiketi yokha, mukaifunsire kwa registrar, ndipo yankho akupatseni lolembedwa.

Mwina munamvaponso za UCE, University Certificate in Education. Imeneyi ndiyo njira yachidule yeniyeni yomwe ilipo kwathu kwa anthu ochokera ku ntchito zina, koma inakonzedwera makamaka amene ali kale ndi digiri yopanda uphunzitsi, monga ya sayansi, zaulimi kapena zachuma. Iwo phunziro lawo amalidziwa kale, amangowonjezera kaphunzitsidwe, kakonzedwe ka mayeso, maganizidwe a ana ndi TP. Msampha wake uli pa maphunziro ophunzitsa. Sekondale imafuna mphunzitsi wa maphunziro a m'silabasi, kawirikawiri awiri, ndipo digiri yomwe ilibe phunziro lopezeka m'kalasi ya Fomu 1 mpaka 4 imavuta kuiika penapake. Inunso posankha kosi musayang'ane chomwe n'chosavuta kukhoza. Masamu ndi sayansi ndiwo amasowa aphunzitsi m'masekondale ambiri a m'madera oyendera (CDSS), ndipo poti masamu mukuphunzitsa kale, musawataye.

Tinene za ndalama mosabisa. Pulayimale ndi zaka ziwiri opanda malipiro, ndipo pepala likatuluka ntchito siibwera mawa lake. Magulu angapo a IPTE akhala akudikira zaka asanalembedwe, ena n'kumagwira ngati ma auxiliary teacher pa kontilakiti yochepa. Dziwani kuti ma auxiliary amenewa ndi aphunzitsi osulidwa kale, si anthu odzipereka ngati inu, choncho wina asakunamizeni kuti kosi yakeyo ikulowetsani m'gululo. Mukalembedwa mumayambira pa giredi TL, ndipo khonsolo imatumiza komwe kuli kusowa. Kungakhale ku Makanjira, ku Katuli kapena kuseri kwa Namwera, osati ku Monkey Bay komwe kuli nyumba yanu. Mayi akunyumba adziwiretu zimenezi musanalembe kalata yofunsira malo. Masukulu omwe si aboma amalemba msanga, ena ngakhale opanda pepala, koma kulembetsa aphunzitsi kwa Teachers Council kumakhudza masukulu onse, ndipo wopanda pepala ndiye woyamba kuchotsedwa oyendera masukulu akafika.

Pakadali pano muli ndi chinthu chomwe anzanu ofunsira malo alibe, kalasi ya Sitandade 6. Muigwiritse ntchito, chifukwa chomwe chimagwetsa anthu ochokera ku ntchito zina si kusadziwa phunziro. Ndi kudziwa phunziro mpaka kuiwala pomwe mwana amakakamira. Munthu wa akawunti akaona 1/2 + 1/3 amaona 5/6 nthawi yomweyo. Mwana amalemba 2/5, chifukwa waphatikiza zapamwamba pazokha, zapansi pazokha, ndipo m'mutu mwake walondola. Wosasulidwa amachonga cholakwa, n'kubwereza lamulo lija la kupeza nambala yapansi yofanana, mokweza mawu kuposa poyamba. Wosulidwa amagawa ana m'magulu, gulu lililonse zitsekerero za mabotolo 6. Theka la zitsekererozo ndi zingati? Zitatu. Gawo limodzi mwa magawo atatu? Ziwiri. Zonse pamodzi? Zisanu mwa 6. Kenako amafunsa ngati 2/5 ndi yaikulu kapena yaing'ono poyerekeza ndi theka, ana n'kuona okha kuti sizingatheke kuwonjezera chinthu pa theka n'kupeza chochepera theka. Lamulo limabwera pambuyo, ana atagwira kale ndi manja. Ku koleji zimenezi amazitcha TALULAR, kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka pamalopo, ndipo m'mbali mwa nyanja zitsekerero, tizigoba ta nkhono ndi timiyala sizisowa.

Chachiwiri ndi chiyankhulo. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro ambiri amakhala m'Chingerezi, koma ana ambiri a boma lino kunyumba amayankhula Chiyao, Chichewa anachiphunzirira bwino kusukulu, ndiye Chingerezi n'chachitatu. Mwana akalephera samu ya mawu, yambani mwaona ngati walephera samuyo kapena chiganizocho. Muuzeni afotokoze funsolo m'chiyankhulo chake asanagwire pensulo. Akafotokoza bwino, vuto ndi masamu. Akakanika, vuto ndi mawu ngati "remainder", "altogether" kapena "share equally", ndipo mankhwala ake ndi kulemba mawuwo pakona ya bolodi n'kumawabwereza tsiku ndi tsiku, osati kuwonjezera masamu ena makumi awiri. Ngati Chiyao simuchidziwa, phunzirani manambala, malonje ndi mawu olamula a m'kalasi. Ana amamasuka msanga ndi mphunzitsi amene wayesako.

Chachitatu ndi nthawi ndi unyinji. Piriyodi ya makalasi akuluakulu a pulayimale ndi mphindi 35. Tiyerekeze muli ndi ana 105. Mukati muchonge kope lililonse m'kalasi momwemo, mwana aliyense apeza masekondi 20, ndipo simunaphunzitse kanthu. Munthu wozolowera ofesi, komwe pepala lililonse limayenera kuwonedwa, amayesa kuchonga zonse, amatopa pofika sabata yachitatu, kenako amasiyiratu kuchonga. Njira yake ndi kupereka masamu ochepa, atatu kapena anayi, kuyendayenda ana akulemba n'kumachonga mzere umodzi lero, wina mawa, otsalawo asinthane makope muchongere limodzi pabolodi. Pamapeto funsani amene apeza funso lachiwiri akweze manja. Manja akachepa, mawa musapite patsogolo ngakhale sikimu ikunena zina, ndipo mulembe chifukwa chake m'gawo la ndemanga.

Sikimu ndi chikonzero cha phunziro ndi zinthu zomwe odzipereka ambiri saziona n'komwe, chifukwa amangopatsidwa buku ndi choko. Pemphani ahedi akupatseni silabasi, buku la mphunzitsi ndi sikimu ya mphunzitsi wodziwa ntchito, muyambe kulemba zanu. Chikonzero chabwino chimanena zomwe mwana adzathe kuchita pakutha pa phunziro, m'mawu oti mungazione ndi maso, monga "aphatikiza mafulakishoni awiri osiyana manambala apansi", osati "amvetsa mafulakishoni". Pemphaninso kukhala kumbuyo kwa kalasi ya Sitandade 1 kapena 2 kamodzi pa sabata. Ambiri amanyoza makalasi amenewa, komatu ukatswiri wa uphunzitsi uli kumeneko, ndipo IPTE imasula mphunzitsi wa makalasi onse ndi maphunziro onse, kuyambira Chichewa mpaka Expressive Arts. Amene akufuna masamu okhaokha aganize za sekondale.

Pali zina zomwe ku ntchito yanu yakale kunalibe. Kumenya mwana n'koletsedwa, ngakhale makolo atakuuzani kuti "mukwapuleni, ndi wanu". Mwana wamkazi musamutume kunyumba kwanu, musatsale naye awiri m'kalasi, ndipo zophunzitsa mwapadera zichitikire poonekera. Mphekesera imodzi yokha imatha kukutsekerani khomo musanalowe n'komwe. Kujomba nako kuno kuli ndi nyengo zake: usipa ukagwa anyamata amathawira kunyanja, zinamwali nthawi zina zimalowerera m'masabata oyamba a temu, ndipo ena mtima uli ku Joni komwe kuli achimwene awo. Kaundula wa tsiku ndi tsiku muzimuitana moona, chifukwa ndi amene amakuuzani msanga mwana amene wayamba kutayika, ndipo a mother group ndi akomiti amathandiza akauzidwa dzina nthawi idakalipo.

Maphunziro afupiafupi pawokha si oipa. Pa TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu, pamachitika maphunziro owonjezera luso la aphunzitsi, ndipo mabungwe ena amaphunzitsa za kuwerenga kapena za ana olumala mogwirizana ndi ofesi ya maphunziro. Funsani PEA ngati odzipereka angakhalepo nawo. Pepala la kumeneko ndi umboni woti munapezekapo, silikusandutsani mphunzitsi, ndipo okonza ake sanamizira kuti likutero. Ngati a kosi ya Lowerukayo atavomera kuti zawo ndi zotero, mukhoza kuyeza nokha ngati mtengo wake ukugwirizana ndi zomwe muphunzire. Koma poti atchula kale layisensi, ine sindingawakhulupirire pa china chilichonse.

Pemphani ahedi kalata yosonyeza tsiku lomwe munayamba, kalasi ndi phunziro lomwe mukuphunzitsa, yokhala ndi chidindo cha sukulu, ndipo PEA asayinireponso. Ahedi amasinthidwa, ndipo wobwerayo sangachitire umboni zomwe sanaone. Kalatayo muiike m'fayilo limodzi ndi MSCE, dipuloma, transcript, kalata ya komwe munkagwira ntchito ndi mafotokope otsimikizidwa ndi a majisitireti kapena Commissioner for Oaths. Zilengezo za Unduna ndi za mayunivesite zimatuluka m'nyuzipepala, pamasamba awo a intaneti ndi pabolodi la ku ofesi ya maphunziro, ndipo nthawi yofunsira imakhala yochepa. Ndalama yofunsira malo imalipiridwa ku akaunti ya banki yomwe yalembedwa m'chilengezocho, osati pa nambala ya foni ya munthu, ndipo risiti yake muisunge mpaka mayina atatuluka.